Mkodzo Wosadikira: Amuna Angati, Akazi Angati?

Mukafunsa anthu kuti vuto lothamangira kuchimbudzi kukataya madzi nthawi ndi nthawi limagwira ndani, ambiri angayankhe mosakayika kuti ndi la amayi, makamaka amene abereka kangapo kapena amene akula. Koma ofufuza atayamba kufunsa anthu m'makomo mwawo, osati okhawo amene afika kuchipatala, anapeza zina. Ku United States, kafukufuku wotchedwa NOBLE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2003, anafunsa patelefoni akuluakulu 5,204 a zaka 18 kupita m'tsogolo. Akazi amene anali ndi vutoli anali 16.9 peresenti. Amuna anali 16.0 peresenti. Kusiyanako sikukwana ngakhale munthu mmodzi pa anthu 100 alionse.

Tisanapite patali ndi manambala, tigwirizane kaye kuti tikuwerenga chiyani, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Vuto limene madokotala amalitchula kuti overactive bladder, kapena OAB mwachidule, si nthenda imene ingaoneke m'magazi kapena pa sikani. Ndi gulu la zizindikiro zimene wodwala amafotokoza ndi pakamwa pake. Mu 2002 bungwe la International Continence Society linakhazikitsa tanthauzo limene ofufuza ambiri akutsatira mpaka lero. Chizindikiro chachikulu ndi kupanidwa ndi mkodzo mwadzidzidzi ndiponso mwamphamvu moti munthu amavutika kudikira. Kawirikawiri pamakhalanso kukodza pafupipafupi masana ndi kudzuka usiku kukakodza. Ena mkodzo umawapulumuka asanafike kuchimbudzi, ena amafika ali ouma. Ndipo pali mfundo yomaliza imene imaiwalika msanga: zonsezi zizichitika popanda mabakiteriya m'njira ya mkodzo kapena chifukwa china choonekeratu.

Kupanidwa kumene tikunena pano n'kosiyana ndi kumva mkodzo kwa masiku onse. Aliyense amene anakhalapo pamsonkhano wautali atamwa madzi ambiri amadziwa mmene chikhodzodzo chodzaza chimamvekera. Chimayamba pang'onopang'ono, umachinyalanyaza, chimabweranso pakapita kanthawi, ndipo nthawi yodzuka umasankha wekha. Kwa munthu wa OAB kulibe pang'onopang'ono. Njira yonse yochokera kuntchito anali bwinobwino, koma akangolowetsa kiyi pachitseko, mkodzo wamupana ngati wausunga tsiku lonse. Chikwama amaponya pansi, chitseko amasiya chosatseka, ndipo kamtunda kakang'ono kofika kuchimbudzi kamatalika. Akafika, zimene zatuluka sizikwana ngakhale theka la kapu. Wina zimamuchitikira akangotsegula mpopi kuti atsuke mbale, wina akangotuluka panja kukuzizira.

Chikhodzodzo ndi thumba la minofu. Cha munthu wamkulu chimasunga mkodzo wokwana mamililita 400 mpaka 600, umene impso zimatsanuliramo pang'onopang'ono usana ndi usiku. Mnofu wa khoma lake, wotchedwa detrusor, umayenera kukhala womasuka nthawi yonse imene thumbalo likudzaza, pamene minofu yotseka njira ya mkodzo imakhala itagwira zolimba. Mitsempha imatumiza uthenga kudzera mumsana kukafika ku ubongo kuti thumba ladzaza mpaka pati, ndipo ubongo ndi umene umanena kuti "dikira" kapena "tulutsa". Zikamayenda bwino, munthu amakodza mwina mpaka ka 7 pa nthawi imene ali maso. Chikhodzodzo chabwinobwino chili ngati mlendo amene amagogoda n'kuima panja mpaka mumutsegulire. Cha OAB chimagogoda chikukankha chitseko. Cholakwika chingakhale paliponse m'njira imeneyi. Mnofu uja ungamafinyike wokha thumba lisanadzaze, mitsempha ya m'kati mwa khoma ingamamve msanga kuposa mmene iyenera, kapena ubongo ungafooke pa ntchito yake yoletsa. Mwa odwala ambiri palibe chinthu chimodzi chimene dokotala angachiloze ndi chala kuti gwero ndi ichi.

Pamene amuna ndi akazi amasiyana

Ngati manambala a amuna ndi akazi ali pafupi chonchi, n'chifukwa chiyani vutoli limatengedwa ngati la akazi? Yankho lili mu kafukufuku yemwe uja wa NOBLE. Ofufuzawo anagawa odwala pawiri: amene mkodzo umawatulukira asanafike kuchimbudzi, ndi amene amapanidwa koma osanyowa. Mwa akazi onse amene anafunsidwa, 9.3 peresenti anali onyowa ndipo 7.6 peresenti anali ouma. Mwa amuna zinatembenuka kwambiri: onyowa anali 2.6 peresenti yokha, ouma 13.4 peresenti. Choncho kupanidwa n'kofanana, koma zotsatira zake n'zosiyana. Mkazi amasintha zovala, amagula mapadi, amachapa pafupipafupi, ndipo tsiku lina mwana wake wamkazi kapena namwino amazindikira. Mwamuna amangodzuka pampando mwakachetechete katatu pa mpira umodzi, ndipo anzake amati amamwa madzi kwambiri. Vuto losasiya banga pa nsalu silionedwa.

Kusiyanaku kumachokera m'mapangidwe a thupi. Njira ya mkodzo ya mkazi ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 4, pamene ya mwamuna imafika masentimita 20 ndipo imadutsa pakati pa prostate, kachiwalo kamene kali m'munsi mwenimweni mwa chikhodzodzo. Chikhodzodzo cha mkazi chikafinyika mosayembekezereka, mkodzo uli ndi kamtunda kochepa koti uyende, ndipo ngati minofu ya m'munsi mwa chiuno inafooka ndi pakati komanso kubereka, palibe choutchinga. Mayi akasiya kusamba, mphamvu ya mahomoni a m'thupi la mkazi otchedwa estrogen imachepa, ndipo khungu la m'kati mwa njira ya mkodzo ndi njira ya abambo limapyapyala n'kumamva kuwawa kapena kunyerenyetsa msanga. N'chifukwa chake mu NOBLE chiwerengero cha akazi onyowa chinakwera kuchoka pa 2 peresenti mwa achitsikana kufika pa 19 peresenti mwa okalamba, ndipo kukwera kwenikweni kunayamba zaka 44 zitadutsa. Mwa amuna chinachoka pa 0.3 peresenti kufika pa 8.9 peresenti, ndipo chinachedwa ndi zaka 20 zathunthu, chifukwa chinayamba kulumpha zaka 64 zitadutsa.

Palinso chinthu china chimene chimasokoneza chithunzichi. Akazi ambiri ali ndi mtundu wina wa kutuluka kwa mkodzo, umene umachitika akatsokomola, akaseka, akayetsemula kapena akanyamula katundu wolemera. Umenewu si OAB. Gwero lake ndi kufooka kwa minofu yotseka, ndipo munthuyo sakhala atapanidwa n'komwe. Koma poti zotsatira zake ndi zovala zonyowa zomwezo, anthu amaziika m'thumba limodzi, ndipo amayi ena alidi ndi mitundu yonse iwiri nthawi imodzi. Tikaphatikiza zonsezi, n'zoona kuti kutuluka kwa mkodzo ndi vuto la akazi ambiri kuposa amuna. Kupanidwa pakokha ayi.

Msinkhu umasinthanso zinthu m'njira imene ambiri sayembekezera. Mu 2001, Ian Milsom ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atafunsa anthu 16,776 a zaka 40 kupita m'tsogolo m'mayiko asanu ndi limodzi a ku Ulaya: France, Germany, Italy, Spain, Sweden ndi United Kingdom. Onse pamodzi, 16.6 peresenti anali ndi zizindikiro. Pa zaka 40 mpaka 44 akazi anali patsogolo kwambiri, pafupifupi 9 peresenti, amuna 3 peresenti. Koma pa zaka 75 kupita m'tsogolo amuna anali atawapitirira: pafupifupi 42 peresenti, akazi 31 peresenti. Amuna amayamba mochedwa koma amathamanga. Prostate imakula ndi msinkhu mwa amuna ambiri, imapana njira, ndipo chikhodzodzo chimene chakhala chikukankha mkodzo pa njira yopanikizika kwa zaka zambiri chimasintha. Khoma lake limakhuthala ndipo chimayamba kufinyika chokha.

Apa ndi pamene, m'kuona kwanga, amuna amalakwiridwa kwambiri. Bambo wa zaka 60 akanena kuti akudzuka kanayi usiku ndipo masana mkodzo sumulola kudikira, mawu oyamba amene amamva ndi akuti "ndi prostate". Nthawi zina n'zoona. Koma zizindikiro za njira yopanika ndi zina: mkodzo wofooka, wochedwa kuyamba, wodukizaduka, wongodontha pomaliza. Kupanidwa ndi kukodza pafupipafupi ndi mavuto a kasungidwe, ndipo angakhalepo mwa mwamuna amene prostate yake ndi yaing'ono ndithu. Amuna ena amamwa mankhwala a prostate kwa zaka, ena amachitidwa opaleshoni, mkodzo n'kuyamba kutuluka mwamphamvu ngati wa mnyamata, koma kuthamangira kuchimbudzi osasiya. Chodabwitsa n'chakuti amuna ndi amene amafotokoza molondola za chikhodzodzo chawo. Ku Bristol, mzinda wa ku England, Hashim Hashim ndi Paul Abrams anayerekeza zimene odwala ananena ndi zimene makina oyeza mphamvu ya m'chikhodzodzo anaonetsa, ndipo anafalitsa zotsatira mu 2006. Mwa amuna opanidwa koma ouma, 69 peresenti anapezekadi kuti mnofu wa detrusor ukufinyika wokha, ndipo mwa onyowa anali 90 peresenti. Mwa akazi manambalawo anali 44 ndi 58 peresenti. Zimenezi sizitanthauza kuti akazi otsalawo ankanama. Zimangoonetsa kuti mwa akazi kupanidwa kuli ndi magwero ambiri kuposa mnofu wofinyika.

Funso likasintha, nambala imasintha

Wowerenga amene angafufuze yekha nkhaniyi adzakumana ndi manambala osagwirizana. Pena adzaona 6 peresenti, pena 12, pena 17, pena mpaka 43. Si kuti ena mwa ofufuzawo sanadziwe kuwerengetsa. Poti OAB ilibe chipimo cha m'magazi, chiwerengero chake chimadalira mmene funso lafunsidwira, amene afunsidwa, ndi pamene wofufuza waika malire oti apa ndiye payambira matenda.

Tengani kafukufuku wa Milsom uja. Anachitika tanthauzo la 2002 lisanakhazikitsidwe, choncho munthu ankawerengedwa ngakhale atakhala ndi chizindikiro chimodzi chokha, monga kukodza pafupipafupi popanda kupanidwa. Chizindikiro chimenecho ndi chimene chinali chofala kwambiri, mwa 85 peresenti ya owerengedwawo, pamene opanidwa anali 54 peresenti. Ndi muyezo wa lero, pafupifupi theka la iwo silikanalowa m'gululi.

Kafukufuku wamkulu woyamba kutsatira tanthauzo latsopanolo anali EPIC, amene mu 2005 anafunsa patelefoni anthu 19,165 a zaka 18 kupita m'tsogolo ku Canada, Germany, Italy, Sweden ndi United Kingdom. Anapeza 11.8 peresenti: amuna 10.8, akazi 12.8. Anaonetsanso kuopsa kowerenga chizindikiro chilichonse ngati matenda. Pafupifupi theka la anthu onse, amuna 48.6 peresenti ndi akazi 54.5 peresenti, ananena kuti amadzuka kamodzi kapena kuposa usiku kukakodza. Chinthu chimene theka la anthu limachita n'chovuta kuchitcha matenda.

Kenako kunabwera EpiLUTS, amene anafunsa anthu 30,000 a zaka 40 kupita m'tsogolo ku United States, United Kingdom ndi Sweden kudzera pa intaneti. Ameneyu ndi phunziro labwino kwambiri pa nkhani ya malire. Ku United States, ofufuza atawerenga aliyense amene anayankha kuti amapanidwa "nthawi zina" kapena kuposa pamenepo, anapeza amuna 27.2 peresenti ndi akazi 43.1 peresenti. Atangowerenga okhawo amene anati "kawirikawiri", manambalawo anagwa kufika pa 15.8 ndi 32.6 peresenti. Anthu omwewo, tsiku lomwelo, mafunso omwewo. Chimene chinasintha ndi bokosi limene wofufuza anasankha kuliwerenga. Onaninso kuti kuno mpata wa pakati pa amuna ndi akazi ndi waukulu kuposa mu NOBLE ndi EPIC, mwa zina chifukwa EpiLUTS ankawerenganso kutuluka kwa mkodzo kobwera ndi kupanidwa ngati khomo lolowera m'gululi, ndipo taona kale kuti pamenepo akazi ndi ochuluka. N'kuthekanso kuti munthu amaulula zambiri akamayankha yekha pakompyuta kusiyana ndi pamene mlendo akumufunsa patelefoni.

Ku Finland kunachokera mawu otsutsa. Kari Tikkinen ndi anzake anatumiza mafunso kwa anthu 6,000 a zaka 18 mpaka 79 osankhidwa m'kaundula wa dziko, anachotsa amene anali ndi matenda a mabakiteriya m'njira ya mkodzo, ndipo anangowerenga amene amapanidwa kawirikawiri kapena nthawi zonse. Zotsatira zimene anafalitsa mu 2007 zinali amuna 6.5 peresenti ndi akazi 9.3 peresenti, ndipo ananena mosabisa kuti manambala akale anali okokomeza. Atayang'ananso mayankho a anthu omwewo, anapeza kuti oposa theka anapanidwapo mwa apo ndi apo, koma amene zinkawasowetsadi mtendere sankakwana mmodzi pa anthu 10 alionse. Kusiyanitsa kumeneku pakati pa kukhala ndi chizindikiro ndi kuvutika nacho n'kofunika kuposa nambala ina iliyonse m'nkhaniyi.

Ku Asia nakonso manambala amatsatira funso. Ku Japan, kafukufuku wa Yukio Homma ndi anzake wa mu 2005 anafunsa anthu a zaka 40 kupita m'tsogolo, ndipo ankawerenga amene amakodza ka 8 kapena kuposa pa tsiku komanso kupanidwa kamodzi kapena kuposa pa mlungu. Anapeza 12.4 peresenti, ndipo kumeneko amuna ndi amene anali patsogolo, pafupifupi 14 peresenti, akazi 11. Ku China kafukufuku wa mu 2011 wa akuluakulu a zaka 18 kupita m'tsogolo anapeza 6 peresenti, amuna ndi akazi mofanana.

Pali nkhani ina imene sitingaidumphe, ya amene analipira. EPIC ndi EpiLUTS analipiridwa ndi kampani ya Pfizer, imene inkagulitsa mankhwala a vuto lomweli. Ngakhale dzina lakuti overactive bladder linafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nthawi imene mankhwala a tolterodine ankalowa pamsika, ndipo ku United States anavomerezedwa mu 1998. Zimenezi sizisandutsa kafukufukuyo kukhala wabodza. Anachitidwa ndi akatswiri odziwika ndipo njira zawo zinalembedwa poyera kuti aliyense aziunike. Koma wogulitsa mankhwala sadandaula malire akakhala otakasuka, ndipo wowerenga wanzeru amayang'ana kaye funso limene linafunsidwa asanakhulupirire mutu wa nkhani.

Nanga munthu asunge nambala iti m'mutu? Ine ndingasunge ya EPIC, chifukwa inatsatira tanthauzo lovomerezeka ndipo inayambira pa zaka 18: pafupifupi munthu wamkulu mmodzi pa anthu 8 kapena 9, akazi akuposa amuna pang'ono chabe. Pambali pake ndingasunge ya ku Finland, yondikumbutsa kuti ofunikadi chithandizo ndi ocheperapo. Ndipo m'mafukufuku onsewa, kaya malire aikidwa pati, chinthu chimodzi sichisuntha: chiwerengero chimakwera ndi msinkhu, mwa amuna ndi akazi omwe.

Debra Irwin ndi anzake anatenga manambala a EPIC n'kuwayala pa chiwerengero cha anthu a dziko lonse lapansi. Mu 2011 analengeza kuti mu 2008 anthu pafupifupi 455 miliyoni a zaka 20 kupita m'tsogolo anali ndi OAB, ndipo pofika 2018 akanakwana 546 miliyoni. Ochuluka anali ku Asia chifukwa ndi kumene kuli anthu ambiri, koma kukwera kofulumira kunayembekezeka ku Africa, pafupifupi 30 peresenti pa zaka khumi. Tizikumbukira mmene manambalawa anapezekera. Palibe amene anayenda khomo ndi khomo ku Africa kapena ku South America kukafunsa anthu. Anatenga zimene anapeza m'mayiko asanu olemera n'kuchulukitsa ndi kuchuluka komanso misinkhu ya anthu a kumadera enawo. Kukwerako kukungosonyeza kuti anthu akuchuluka ndipo akukhala ndi moyo wautali.

Ambiri sanena

Mu kafukufuku wa ku Ulaya wa 2001 uja, 60 peresenti ya anthu amene anali ndi zizindikiro anali atauzapo dokotala, koma amene ankalandira chithandizo pa nthawiyo anali 27 peresenti yokha. Amenewa ndi mayiko amene chipatala sichili kutali ndi munthu. Zifukwa zake n'zodziwika: manyazi, kuganiza kuti ndi ukalamba basi, kukhulupirira kuti palibe chimene chingachitike. Munthu amasintha moyo wake m'malo mosintha chikhodzodzo. Akalowa m'nyumba yachilendo maso amayamba asaka chimbudzi. M'basi amakana ulendo wautali, pamsonkhano amakhala pampando wakukhomo, ndipo amasiya kumwa madzi kuyambira masana. Chomalizachi chimabweza m'mbuyo, chifukwa mkodzo wokhuthala umanyerenyetsa khoma la chikhodzodzo ndipo kuchepa kwa madzi kumabweretsa kudzimbidwa, kumene nakonso kumawonjezera kupanidwa.

Kwa okalamba mtengo wake ungakhale fupa. Kafukufuku wa amayi achikulire oposa 6,000 ku United States, wofalitsidwa mu 2000 ndi Jeanette Brown ndi anzake, anapeza kuti amene mkodzo umawatulukira chifukwa cha kupanidwa kamodzi kapena kuposa pa mlungu anali pa chiopsezo chokulirapo chogwa, ndi 26 peresenti, komanso chothyoka fupa, ndi 34 peresenti. Sizovuta kuona chifukwa chake: munthu wa zaka 75 wadzidzimuka kutulo pakati pa usiku, sanayatse nyale, miyendo sinadzuke bwino, ndipo akuthamanga.

Koma si aliyense wothamangira kuchimbudzi amene ali ndi OAB, ndipo apa ndi pamene mafunso a patelefoni amalephera, chifukwa telefoni siyeza mkodzo. Matenda a mabakiteriya m'chikhodzodzo amapereka zizindikiro zomwezo, kawirikawiri limodzi ndi kuwotcha pokodza. Shuga wosalamulirika amachititsa impso kupanga mkodzo wambiri. Mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi ndi a mtima amapangidwa dala kuti achotse madzi m'thupi. Khofi, tiyi ndi mowa zimawonjezera mkodzo, ndipo khofi amadzutsanso chikhodzodzo. Miyala ya m'chikhodzodzo, likodzo kumadera kumene limapezeka, ngakhalenso khansa ya chikhodzodzo, zonsezi zingayambe ndi kupanidwa. Sitiroko, matenda a Parkinson, multiple sclerosis ndi kuvulala kwa msana zimasokoneza uthenga wa pakati pa ubongo ndi chikhodzodzo, ndipo madokotala amaziika m'gulu lakelake. Magazi mumkodzo, ululu, kapena kulephera kukodza si zizindikiro za OAB, ndipo zimafuna kuonedwa kuchipatala mosachedwa.

Chida chimene chimalekanitsa zambiri mwa zimenezi n'chotchipa modabwitsa: pepala, cholembera ndi jagi yokhala ndi manambala. Kwa masiku atatu wodwala amalemba nthawi iliyonse imene wamwa ndi kuchuluka kwake, nthawi iliyonse imene wakodza ndi mamililita ake, komanso ngati anapanidwa kapena kunyowa. Pepalalo likadzaza limalankhula lokha. Wina amakodza ka 14 patsiku koma ulendo uliwonse ndi mamililita 100 kapena 120. Ameneyu chikhodzodzo chake sichikusunga. Wina amakodzanso ka 14 koma ulendo uliwonse ndi mamililita 350, ndipo tsiku lonse akutulutsa malita oposa anayi. Chikhodzodzo chake chilibe mlandu, funso ndi lakuti madzi onsewo akuchokera kuti. Wachitatu masana ali bwinobwino, koma usiku wokha akutulutsa zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a mkodzo wa tsiku lonse, ndipo mukayang'ana miyendo yake madzulo ndi yotupa, kapena mkazi wake akukuuzani kuti amaliza mkonono n'kumabanika kutulo. Anthu atatuwa patelefoni akanayankha mofanana.

Zikatsimikizika kuti ndi OAB, chithandizo chimayambira pa zimene munthu angachite yekha. Amachepetsa khofi ndi mowa, amagawa bwino madzi akumwa pa tsiku, amathana ndi kudzimbidwa, ndipo ngati ndi wonenepa kwambiri amachepetsa thupi. Kenako amaphunzitsa chikhodzodzo. Mkodzo ukamupana sathamanga. Amaima kapena kukhala pansi, amafinya minofu ya m'munsi mwa chiuno kangapo mofulumira mpaka mphamvu ija itaphwa, ndiyeno amayenda modekha. Mlungu ndi mlungu amatalikitsa mpata wa pakati pa maulendo ndi mphindi zochepa. Zimafuna milungu isanu ndi umodzi kapena kuposa kuti phindu lioneke, ndipo njirayi imagwira ntchito mwa amuna monga mwa akazi. Kwa amayi amene anasiya kusamba, mankhwala a estrogen opaka kunjira ya abambo amathandiza ena.

Mapiritsi alipo a mitundu iwiri. Akale, monga oxybutynin, tolterodine ndi solifenacin, amatchinga uthenga umene umauza mnofu kuti ufinyike. Amathandiza ndithu, koma amaumitsa m'kamwa ndi kudzimbiritsa, ndipo odwala ambiri amawasiya chaka chisanathe. Mwa okalamba angasokonezenso mutu, ndipo kafukufuku wamkulu wa ku England wofalitsidwa mu 2019 anapeza kuti kumwa mankhwala a gulu limeneli kwa zaka zambiri kumayendera limodzi ndi chiopsezo chokulirapo cha matenda oiwalaiwala, ngakhale sanatsimikize kuti mankhwalawo ndi amene amawayambitsa. Atsopano, mirabegron amene anavomerezedwa ku Japan mu 2011 ndi ku United States mu 2012, komanso vibegron amene anabwera pambuyo pake, amamasula mnofuwo kudzera njira ina ndipo saumitsa m'kamwa kwambiri, koma womwa mirabegron ayenera kuyezedwa kuthamanga kwa magazi. Zonsezi zikakanika pali jakisoni wa Botox, mankhwala ofooketsa mnofu, wobaya m'khoma la chikhodzodzo, amene United States inavomereza pa vutoli mu 2013 ndipo amafuna kubwerezedwa mphamvu yake ikatha pakapita miyezi, komanso njira zodzutsa mitsempha ndi magetsi ochepa, pa kakolo kapena m'munsi mwa msana.

Kwa zaka zambiri madokotala ankaopa kupatsa amuna mankhwala ofooketsa chikhodzodzo, poganiza kuti ngati prostate yapana njira, mkodzo ungatsekeke kotheratu. Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 2000 anaonetsa kuti chiopsezocho n'chochepa mwa amuna amene chikhodzodzo chawo chimakhuthula bwino. Choncho lero dokotala amayamba wayeza mkodzo wotsalira, nthawi zambiri ndi kasikani kakang'ono koika pamimba bamboyo akangotuluka m'chimbudzi. Wotsalirayo akakhala wochepa, angapatsidwe mankhwala a chikhodzodzo paokha kapena limodzi ndi a prostate monga tamsulosin, kenako n'kuyezedwanso pakapita milungu ingapo.